Mamegabaiti Awiri

Sitima ya Rodel ili pakati pa nyanja ya Atlantiki,
ndipo imelo ya m'sitimamo
simeza chilichonse choposa mamegabaiti awiri.
Anatero abwana awo. Palibe kunyengerera.

Ine ndili kuno ku Iloilo, m'khitchini,
ndi vidiyo ya mamegabaiti mazana atatu:
Ligaya, mwana wathu, akuyamba kuyenda.
Mapazi asanu ndi awiri,
kuchoka pamwendo wa tebulo kukafika pa ndowa yochapira,
kenako pansi, khu!

Ndayesa katatu. Imelo ikungobwerera
ngati katundu wokanidwa pachipata.
Akuti fayilo yakula kwambiri.
Yakula? Mwini wakeyo sanakwanitse n'chaka chomwe.

Mlamu wanga Jomar, wokonza mafoni pamsika wa La Paz,
wandilembera kuseri kwa lisiti:
dula koyambirira, dula kumapeto,
chepetsa chithunzi,
zikakanikabe chotsa mawu.

Ndayamba kudula.
Yapita mphindi yoyamba ija pamene ndinkasakasaka batani,
foni italoza patapata zanga. Sindikuidandaula.
Wapita galu wa aneba amene anasuzumira pakhomo.
Chapita chingwe cha zovala,
ndi malaya abuluu aja omwe ndimachapabe
ngakhale sanavalidwe chiyambire Febuluwale.
Atsala mamegabaiti makumi asanu ndi anayi.

Ndatsitsa chithunzi kufika pa 480.
Maluwa a pa diresi la Ligaya asanduka madontho.
Ndatsitsanso, 240.
Mano ake awiri aja alowana, kwatsala kamzere koyera,
ndipo chipsera cha pachibwano chazimiririka.
Apa pokha ndapumira m'mwamba:
asadziwe kuti anagwa pamasitepe ine ndikucheza pafoni.

Mvula yayamba pamalata.
Kompyuta yatentha ngati simbi,
kamzere kobiriwira kakukwawa
mochedwa kuposa mmene Ligaya ankakwawira.
Ndamwa khofi wozizira, ndili chiimire.

Kwatsala mawu.
Ndamvetseranso kamodzi ndisanafufute:
wailesi ikulengeza mtengo wa mpunga,
ndowa ikugubuduka,
ndi mkazi wina kuseri kwa foni akukuwa,
"Bwera! Bwera kuno, bwera!"
mawu akuthyokera pakhosi,
osadziwika ngati ndi kuseka kapena kulira.
Ndachita naye manyazi mkaziyo.
Ndamufufuta.

Megabaiti imodzi ndi theka. Masekondi khumi ndi awiri.
Kamunthu ka timabokosi kakudzandira m'chifunga,
zii, ngati pansi pa madzi.
Ndatumiza. Sinabwerere.

Papita masiku awiri. Yankho lafika m'bandakucha,
tambala wa kuseri asanalire:

"Ndaonera kakhumi ndi kanayi.
A ku injini onse aonera, ndi wophika yemwe.
Akuti akuyenda ngati ine ndikangotsika padoko.
Nkhope sikuoneka bwino, palibe kanthu,
ndikuimalizitsa ndekha m'mutu.
Koma Nenita, bwanji kuli zii?
Ndikuona akutembenukira kwa wina amene akumuitana,
manja ali m'mwamba.
Wamuika kuti ameneyo?
Nditumizire mawuwo, zithunzi usiye.
Mawu okha salemera, kafunse Jomar."

Sindinafunse Jomar.
Ndatsegula fayilo yoyamba ija, yathunthu,
galu alimo, malaya alimo, patapata zilimo,
ndazula mawu okha ngati ulusi m'nsalu.
Makilobaiti mazana anayi basi,
wailesi, ndowa, ndi mkazi wamanyazi uja.
Kulira kwanga konseko, kupepuka chonchi!

Malo atsalabe ambiri,
ndipo ine ndazolowera kale kuwerengera.
Ligaya ali m'tulo, chala chili m'kamwa,
chimfine chikumuliza kamluzu m'mphuno.
Ndazimitsa fani kuti isasokose.
Ndagwada pambali pa bedi,
ndaika foni pafupi ndi tsaya lake,
ndikuyang'ana manambala akukwera pang'onopang'ono.
Ndiimitsa akatsala pang'ono kufika pa awiri.